Wotchi ya Ada Yasiya Kulira

Wokondedwa mlongo wanga Winston,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi alamu anga a Stella ndi ana. Kuno ku Chintheche tikudzuka, chinangwa tikuvuula, koma mtima wanga ukuwawa ndipo chifukwa chake ndiwe.

Wotchi ya patebulo ya Ada, bambo athu, ija, imene unaitenga kuti ukaikonzetse, yafika. Yewo, bwana. Bokosi likuwala polishi, mivi ikuyenda, koma sikulira.

Nditatsegula kachitseko kakumbuyo ndinapezamo kapulasitiki kakuda ndi batire basi. Timawilo tamkuwa tija, ta mano ang'onoang'ono amene Ada ankati anasemedwa ndi munthu woleza mtima, mulibe. Kanyundo ndi belu lake mulibenso. Mkonzi wakoyo waitumbula ngati nsomba.

Ada anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo ataikulunga m'bulangete, iwe usanabadwe n'komwe. Vuto lake kunali kuchedwa pang'ono chabe. Inkangofuna kupukuta ndi kadontho ka mafuta. Koma iwe, mwini nzeru za m'tauni, unati zachikale n'zovuta.

Kodi unaiwala kuti Ada saona? Mivi yakoyo aionera kuti? Nthawi ya mankhwala ndi ya kutchalitchi ankaidziwa powerenga kulira kwa belu.

Ataiyangata anati yapepuka ngati munthu wodwala. Anakhala nayo pafupi m'mawa wonse, khutu lili tcheru. Masana anandifunsa ngati yalira. Ndinachita nawo chisoni, ndipo pofuna kukubisira manyazi ndinangoti eya, yalira.

Iwo anati ndiye kuti makutu nawonso atsatira maso. Chiyambire tsiku limenelo kutchalitchi akukana, akuti gonthi akukatani kumeneko. Ndikawauza kuti mawu anga akuwamva, akuti ugonthi umayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Kudya akungolawa.

Winston, thamanga kwa mkonziyo ukatenge zamkuwazo asanazipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Ngati zapita, usanditumizire uthenga pa foni. Ukwere basi, udzagwade pambali pa mpando wawo, udzawauze ndi pakamwa pako kuti makutu awo ali bwino, wawononga wotchi ndi iweyo. Ine bodza limeneli landilemera.

Upereke moni kwa a Stella, Jackie ndi Howard. Mulungu akusunge, ndipo ukadzakalamba akupatse ana amene amayamba afunsa asanakhudze zinthu zako.

Ndine mlongo wako,
Lettie