Uthenga wa Mayi W.

Lolemba, 20 Okutobala

Kutentha kwa lero! Fani ikungozunguza mpweya womwewo. Cha m'ma 11 alowa mayi W. (dzina lonse sindilemba, ngakhale muno). M'famase munali anthu atatu. Adikira onse atuluke, kenako agwira kauntala ndi manja awiri. "Mama Evelyn, mwandipha."

Masabata awiri apitawo analemba pa webusayiti yathu, pa kabokosi kamene ndinalembapo ndekha kuti "Funsani mwachinsinsi." Ankafunsa za jakisoni wolera, ngati angabayitse amuna awo osadziwa. Ana ali nawo asanu, womaliza anabadwa pa opaleshoni. Loweruka amuna awo anawawerengera uthengawo pamaso pa apongozi, liwu ndi liwu, mpaka pamene analakwitsa kalembedwe. Panopa akugona kwa mchemwali wawo.

Ine: "Mayi, mauthenga aja ndimatsegula ndine ndekha." Iwo: "Ndiye ndinu." Basi atuluka.

Nkhomaliro yandikanika.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndine ndekha, inde. Koma laputopu ndimaisiya yotsegula ndikapita kuseri kukatenga mankhwala. Amatsala kutsogolo ndani? Yunike. Zaka zinayi akundithandiza kugulitsa, sanasowetsepo ngakhale mbulu umodzi wa panado. Komatu amayimba kwaya imodzi ndi mlongo wa amuna a W. Tsiku lonse maso anga ali pa iye. Akayankha foni m'Chinkhonde, ine wa ku Dedza kumangotola mawu awiri atatu.

Potseka ndamufunsa. Sindinafunse bwino. Sindinati "kodi unaona?", ndinati, "Unauza ndani?" Anandiyang'ana. "Mama, ine?" Wavula gawuni yake yoyera, waipinda bwinobwino, waika makiyi pamwamba pake. "Ndaga," zikomo wa m'Chinkhonde, basi. Waitana kabaza, ulendo.

Lachitatu, 22 Okutobala

Sanabwere. Ndatsala pang'ono kupatsa bambo wina mankhwala a chifuwa m'malo mwa a m'mimba. Mutu suli pamodzi.

Azimayi awiri pakhonde, osadziwa kuti zenera ndi lotsegula: "Pa foni paja musamalembepo kanthu, zimatuluka." Zafika kale kumsika.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndayimbira a Kenan, amene anandikonzera webusayiti zaka ziwiri zapitazo, kuti angochotsa kabokosi kaja. Ndawafotokozera nkhani yonse kupatula dzina. Iwo akuti, "Tatsegulani tsambalo pa foni yanu. Pamwamba, pafupi ndi adiresi, palembedwa chiyani?" Pali timawu tachingerezi totanthauza kuti tsambali si lotetezeka. Ndakhala ndikutiona zaka ziwiri! Ndinkayesa tikunena za netiweki, poti kuno imabwera n'kumapita.

A Kenan: "Musachotse kanthu. Ndibwera mawa."

Ndasesa m'famase katatu. Ndasanja mabotolo amene anali osanja kale.

Lachisanu, 24 Okutobala

Afika 9 koloko, malaya atanyowa kumsana. Anditsekesa chitseko. Alumikiza laputopu yawo pa wayifayi ya m'famase, nane andiuza ndilumikize foni yanga. "Lowani kuseri, mulembe chilichonse m'kabokosimo, mutumize." Ndinalemba kuti: Yunike anandiuza kuti tigule fani yatsopano, ine ndinakana. Sindikudziwa chifukwa chake ndinalemba zimenezo.

Pobwera kutsogolo ndinapeza mawu anga ali pa laputopu yawo. Onse. Ndi nambala yanga ya foni yomwe. Osalowa muakaunti yanga, osadziwa pasiwedi yanga.

Ndinakhala pa katoni ya magolovesi.

Akuti uthenga ukachoka pa foni sufika kwa ine molunjika, umadutsa m'makina a anthu ena. Tsamba likakhala ndi satifiketi yachitetezo, uthenga umasokonezedwa usananyamuke, wapanjira amangoona zilembo zopanda mutu, umamasuka ukafika kwa mwini. Satifiketi yomweyo ndi imene imatsimikizira foni ya kasitomala kuti tsamba ili ndi langadi, si lonamizira. Langa linalibe. Aliyense woyang'anira wayifayi imene munthu walumikizapo, akafuna, amangowerenga.

Ndinafunsa chifukwa chake sanayiyike. Anakanda m'mutu. "Mama, poyamba paja munkangofuna chithunzi cha famase ndi nthawi yotsegulira. Kabokosi tinawonjezera pambuyo. Ndinkati poti anthu salipirira pamenepo, ndidzayika ndikapeza mpata. Ndalakwa ine." Ndinati, nanga ndi yodula? Ayi, akuti ilipo yaulere.

Yaulere. Ndinafuna kuwagenda ndi botolo. Koma mawu oti "mwachinsinsi" analemba ndani? Ine. Osafunsa n'komwe kuti chinsinsicho chikusungidwa bwanji.

Ntchito yake sinathe ola. Adiresi tsopano ikuyamba ndi https, timawu tochenjeza tachoka. Tinayesanso: ine kulemba, iwo kuyang'ana. Zinyalala zokhazokha pa laputopu yawo. Atsegula mauthenga akale kuti tiwerenge kuchuluka kwake, osati zolembedwamo. 214. Anthu a matenda amene sangatchule pa kauntala, atsikana, azibambo. Ndani wina anawerengeredwa ine osadziwa?

Loweruka, 25 Okutobala

Ndapita kwa mchemwali wa mayi W. Mayi W. eniakewo anakana kutuluka, kenako anatuluka, osandipatsa mpando. Ndinangofunsa chimodzi: munalembera kuti? Akuti ku ofesi kwawo, pa nkhomaliro, pa wayifayi ya ku ofesiko poti bando ya intaneti pa foni yawo inali itatha. Ndinati, amayang'anira makompyuta kumeneko ndani? Anagwira pakamwa. "Amamwera limodzi ndi bambo a kunyumba."

Ndinawauza zonse, kuti khomo ndinasiya lotsegula ndine. Ndinapepesa. Akuti, "Ndamva. Koma ana anga ali uko, ine ndili kuno. Kupepesako kundibwezera kunyumba?" Ndinati ankhoswe akakumana ndikhoza kubwera, ndinali namwino zaka khumi, ndikafotokoze zimene mimba ina ingawachite pambuyo pa opaleshoni ija. Akuti aganiza. Za munthu wa ku ofesiyo akuti ndisakhudze, amudziwa okha pomupezera.

Pobwerera ndinayenda wapansi dzuwa lonselo. Sindinafune kukhala kumbuyo kwa munthu aliyense.

Lamulungu, 26 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Potuluka, molunjika kwa Yunike. Ndinamupeza akuchapa, amayi ake ali pamkeka akusenda nthochi. Ndinagwada. Ine, pamaso pa mwana amene ndinamuphunzitsa kuwerenga pepala la dokotala. Amayi ake anayankhula m'Chinkhonde, motalika, osakweza mawu. Yunike sanamasulire. Anangoti, "Mama, mukanandifunsa. Inu simunafunse, munandiuza."

Ndinati makiyi ali m'chikwamamu. Akuti, "Akhale kaye momwemo."

Lolemba, 27 Okutobala

Ndatsegula 7:30 ndekha. Cha m'ma 8 kabaza waima panja. Yunike. "Mwaghona, mama," moni wakwawo wa m'mawa. Wavala gawuni, wapukuta mashelefu, wathandiza makasitomala awiri. Makiyi ndawaika pa kauntala, sanawakhudze. Akuti amaliza mwezi uno, zinazo aona.

Cha m'ma 10 laputopu yalira, uthenga woyamba chichitikireni zonsezi. Yunike anali pafupi nayo, akulemba mitengo pa mabotolo. Wasiya cholembera, watuluka, wakaima pakhonde padzuwa, nsana atalozetsa kuno. Ndamuitana kuti alowe, palibe vuto. Sanatembenuke. "Werengani kaye, mama. Mukatseka mundiuze."