Buku Lopanda Gawo la Wyson

Thuchila, Mulanje
12 Novembala 1973

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halale kumeneko. Kuno tilipo, mvula yayamba.

Gulu lathu lija lokonzekera mayeso a JC latha Loweruka. Paja tinali asanu koma buku la Histole limodzi, ndiye tinaling'amba pasanu kuti aliyense aziphunzitsa anzake gawo lake. Potsanzikana, Chester anaimirira ngati m'busa, amvekere, "Anzanga, tinali banja limodzi!" Enawo n'kumuombera m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Banja lanji losatchula mwana wake? Wyson, amene ankaphunzitsa bwino kuposa tonsefe, tsiku lina anafunsa kafunso kena kokhudza boma tili asanu tokha, chitseko chotseka. Mawa lake galimoto ya apolisi inakamutenga kumunda wa tiyi, ndipo mpaka lero sanabwere. Chester, mwadzidzidzi, tsopano ndi kalaliki, nsapato zili phuliphuli.

Bukulo alisoka ndi ulusi popanda gawo la Wyson. Marjory akuti, "Silikuoneka n'komwe kuti laperewera." Masamba akewo ndikusunga ine, ndipo sindiwapatsa. Adzasoka mwini wake akadzabwera.

Zina sizilembedwa, Malume.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Enifa