Helemeti Yofiira

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa amake mapasa, mwana wanga woyamba,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amuna anu ndi zidzukulu zanga ziwirizo. Ife kuno tilipo, koma kungoti tilipo. Akulemba ndi aneba athu, akalaliki opuma aja, ndipo ndawauza kuti alembe mawu anga monga akutulukira, asathiremo shuga. Pa foni sindikanatha, chifukwa inu simuchedwa kulira ndipo ine sindichedwa kukalipa.

Za ngozi ya mlongo wanu Kamphepo munamva kale, koma munangomva pamwamba. Linali Lolemba lina m'mawa, mwezi wathawu. Ananyamula mayi telala a kuseri kwa msika pa njinga yamoto imene munatigulira ija, akukapereka mayunifolomu kusukulu. Pa mphambano ya pa sitolo ya simenti, lole ya mchenga inangotulukira osaliza n'komwe hutala, n'kuwakankhira m'ngalande. Mayiwo anathyoka dzanja lamanja, lomwe amadyetsera ana awo, koma mutu unapulumuka chifukwa anavala helemeti. Mlongo wanu analibe kanthu kumutu. Mwendo uli m'chikhakha, kumutu anamusoka, ndipo khutu lakumanzere silikumvanso.

Kuyambira tsiku limenelo nsapato zanga zatha ndi maofesi. Kupolisi akuti pitani ku inshuwalansi. Ku inshuwalansi akuti khalani pa benchi, agogo. Ndinakhala pa benchipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine munthu amene ndinalondera fakitale zaka makumi atatu osasowetsa ngakhale msomali. Kenaka anandiitana bwana wina wa tayi, wamng'ono kwa inu, amene amalankhula maso ali pa kompyuta.

"Madala, njinga ya anthu awiri imafuna mahelemeti awiri. Mwana wanu sanavale. Ndiye kuti mbali ina anadzivulaza yekha."

Ndinati, "Kodi helemeti ndi imene imayendetsa lole?"

"Ayi, koma malamulo ndi malamulo. Mwini njingayi ndani?"

Ndinaimirira, n'kukonza jekete. "Ndine." Mukukumbukira mmene ndinakakamirira kuti m'buku la njinga mulembedwe dzina langa, kuti nanenso ndioneke papepala la boma ndisanafe.

Iye anangoti, "Ndiye musapite kutali, nanunso nkhaniyi ikukufunani."

Onani zimene zikundiwawa, mwana wanga. Wa lole uja ali ndi loya wa galimoto lalikulu. Loyayo akuti munthu woyenda wopanda helemeti ndi wosasamala, ndipo wosasamala kumutu kwake sangasamale pamsewu. Basi, lole yasanduka yoyera, wolakwa ndi amene wagona m'chipatala! Lachisanu lino nkhani ikulowa m'khoti. Akamupeza wosasamala amulanda laisensi, ndipo mukudziwa kuti Kamphepo alibe luso lina koma njingayo. Iye anauza apolisi kuti helemeti yachiwiri anaiwala kunyumba, ndipo anasaina.

Akalaliki andifunsa ngati tithere pomwepa. Ndawauza kuti atembenuze pepala.

Sanaiwale. Helemeti yofiira ija, ya wokwera kumbuyo, anaisiya chagada pansi pa shelefu kukhitchini sabata yomwe njinga inali kwa makaniko. Nkhuku yanga yamawanga inalowamo n'kuyamba kuikira. Njinga itabwera anayenda masabata angapo akubwereka helemeti ya mnzake wodwala, mnzakeyo n'kuchira. M'mawa wa Lolemba lija anandipeza ndikuwaza madeya pakhomo.

"Bambo, helemeti ija ndikuifuna lero."

Ndinati, "Nkhuku yofungatira saisuntha, imathawa mazira. Kwatsala masiku asanu ndi anayi okha."

"Nanga wokwera avala chiyani?"

"Iwe unayamba wagwapo liti? Zaka ziwiri osakanda ndi utoto womwe. Mazira khumi ndi limodzi ndiwataye chifukwa cha chipewa?"

Amayi anu anali potsuka mbale. Anati, "Abambo, mupatseni mwana chinthu chake, nkhukuyo tiyika mu dengu." Ndinawayankha kuti pakhomo pano tambala ndi mmodzi. Kamphepo anangoseka, n'kuti, "Chabwino, bwana mlonda," n'kuliza njinga. Atafika kwa mayi telala anavula helemeti yake n'kuwaveka iwo.

Dzulo ndinapita ku wodi. Ndinadikira kuti anesi achoke, n'kumufunsa chifukwa chake ananama.

"Mwati chiyani, bambo? Zungulirani mbali iyi."

Ndinazungulira bedi, ine bambo wake, kukafuna khutu lomwe ndamusiyira. "Ndati unanamiranji kuti unaiwala?"

"Nanga ndikanati chiyani? Kuti helemeti ili pa tchuthi cha uchembere? Anthu akanakusekani mpaka kumanda. Zisiyeni, ine ndine mwana, manyazi sandikhalitsa."

Ankaseka, koma ine ndinatuluka osatsanzika. Ndinakaima kuseri kwa chipatala, pomwe amayanika nsalu, mpaka maso atauma.

Kuli mayi wina loya wa ku ofesi yothandiza osauka amene watenga nkhani yathu. Ndamuuza zonse, nkhuku yomwe. Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimulemekeza. Akuti sangalonjeze kanthu, komabe khoti likamva kuti mnyamata anapempha helemeti, mwini njinga n'kumukaniza, ndiponso kuti yakeyo anapatsa wokwera, dzina loti wosasamala lingamuchoke. Likachoka kwa iye libwera kwa ine. Angandilipiritse, ndipo mwina njinga igulitsidwa. Akutinso Kamphepo adzadzudzulidwa chifukwa cha bodza lija, koma bodza lobisa bambo ake silifanana ndi lobisa mlandu wake.

Ndakwiya ndi wa lole, ndakwiya ndi wa tayi uja, ndakwiya ndi benchi lawo. Koma ndikawerenga onse ondikwiyitsa, pamapeto ndimapeza nkhalamba ina itanyamula madeya. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lachisanu ndivala jekete langa la kuntchito, ndikaima pamaso pa anthu, ndikanena za nkhuku. Aseke.

Pempho langa ndi limodzi. Njinga ija inali thukuta lanu ngakhale dzina linali langa. Ikapita, musamukalipire mlongo wanu, mundikalipire ine. Amuna anu musawauze za nkhukuzi. Kapena auzeni, adzamva ndithu.

Amayi anu akupereka moni. Chichitikireni ngoziyi sananditchulirepo mawu a dengu aja ngakhale kamodzi. Nkhuku itaswa, anapiye asanu ndi anayi, anangotsuka helemetiyo ndi sopo n'kuyiika pa mpando wanga, ndipo ikadali pomwepo, ine ndikukhala pa mpando wa alendo. Mayi telala akupereka moni, akuti dzanja layamba kugwira supuni. Mapasa muwapsompsone, muwauze kuti agogo awo ali ndi anapiye koma anapiyewo sakufuna kuwaona. Kamphepo akuti mumuimbire Loweruka, ndipo akachedwa kuyankha musadule, amakhala akusamutsira foni kukhutu lakumanja.

Akalaliki andiwerengera zonse ndipo ndavomera. Chala chili m'munsichi ndi changa.

Ndine bambo wanu,
mwini njinga, ndiponso mwini nkhuku.