Mapaketi a nsinjiro asiya kununkha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lisungwi tonse tili bwino, kungoti mwendo wa amayi ukuwavutabe, koma akuyenda.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni pa nkhani ya mapaketi a nsinjiro za gulu lathu. Inki ya pa mapaketi akale aja inkanunkha ngati penti, ndipo fungolo linkalowa m'nsinjiro. Mayi wina wa golosale ku Boma anandibwezera katoni yonse, amvekere, "Mwana wanga wakana phala, akuti likumveka palafini." Ndinachita manyazi, ndipo anzanga m'gulumo anayamba kunena zongosiya bizinesiyi.

Ndinapita ku Blantyre ndi mawu amene munandiuza pafoni. Ndinafunsa wosindikiza wina ngati ali ndi pulasitiki yodutsitsa kaye pa makina a magetsi, aja okonza pamwamba pake kuti inki yosungunula ndi madzi igwire. Bamboyo anandiyang'anitsitsa. "Kodi mayi, zimenezi mwazidziwira kuti?" Ndinati achimwene anga amagwira ntchito ku fakitale ya mapaketi. Anaseka, n'kundiuza kuti pulasitikiyo ali nayo, ndipo chiyambireni kugwiritsa ntchito inkiyo, antchito ake anasiya kudandaula mutu.

Mapaketi atsopano anafika Lachiwiri. Tinawanunkhiza tonse, kulibe fungo. Ndinatikita ndi chala chonyowa, zilembo sizinachoke. Palibenso amene akukamba zosiya.

Chonde mudzatitumizire chithunzi cha makinawo. Amayi sakukhulupirira kuti mwana wawo, amene ankathawa sukulu, ndiye watiphunzitsa zimenezi.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati