Sukulu ya Nyukiliya ndi Pakamwa pa Amayi a Chewe

Annandale, Virginia

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yaleka kukuvutani. Ine ndili bwino, mwinanso kuposa mmene ena angafunire.

Ntchito yosamalira okalamba ija ndinasiya. Makoleji ndi makampani a ku Virginia, Maryland ndi Washington anagwirizana zophunzitsa anthu ntchito za magetsi a nyukiliya, ndipo ine ananditenga. Ndikuphunzira kuwotcherera mapaipi, ndipo dzanja langa aphunzitsi amaliyamikira. Amalume aja ankati setifiketi yanga ya Fomu 4 ndi yokulungira zitumbuwa, mukawauze kuti sindinaiwale.

Chondiwawa ndi amayi a Chewe, mnyamata wa ku Zambia wofuna kundikwatira uja. Lamlungu potuluka m'tchalitchi anandikokera pambali, amvekere: "Iwe Aleke, mukazi wosebenza ku nyukiliya sabala. Ufuna mwana wanga ankale chabe, wopanda mwana?" Chewe anangoti zyoli, kuyang'ana nsapato zake. Nayenso mlandu wake ndausunga. Tsopano amayiwo akuti chinkhoswe chiime mpaka nditasiya sukulu. Sukulu sindisiya, Azakhali, ndipo Chewe sindimusiyanso.

Chonde kambiranani ndi ankhoswe kuti mwambowu usapitirire Epulo. Diresi munandisokera lija layamba kuthina m'chiuno, ndipo si chifukwa cha zakudya za kuno ayi. Kusukulu ndanena kale, andisiyitsa kaye zowotcherera, ndikuchita za m'kalasi zokha. Amayi a Chewe sakudziwa, ndipo musawaimbire foni. Nkhope yawo ndikufuna ndikaione ndekha.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Aleke