Kakapu Kobiriwira ka Amayi

Lachiwiri, 4 Juni 2024

Kuchipatala ku Lusaka. Shuga wakwera, bipi nayonso. Dokotala waunika m'maso mwanga ndi kanyale, wati timitsempha tayamba kuonongeka. Ukwati sindinaulawe, koma maondo ngati a nkhalamba.

Wabwerezanso za opaleshoni. Kudula chifu, kusiyako kathumba kakang'ono, ndizikhuta ndi masupuni ochepa. Ndalama si vuto, puloti ya malemu amayi ndinagulitsa kale. Akufuna yankho mwezi uno, ndi munthu wondisamalira ndikatuluka. Munthu wake ndani? Ndili ndi ba Josephine okha, akulu awo a amayi, amene anandilera. Thupi ili anaumba ndi iwowo.

Pobwerera, kondakitala: "Ba sisita, apa ni mipando ibili." Ndamuuza kuti pakamwa pakepo ndiye pofunika mipando iwiri. Basi yonse kuseka. Ine ayi.

Lachisanu, 7 Juni

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa, ku saluni tangokhala. Nanga akadzathima ine ndili chong'ambidwa pamimba? Linda, mwana wa ba Josephine, timaluka naye tsitsi limodzi, wakhala akundionetsa zoopsa pa foni tsiku lonse. Uyu anafera pa tebulo. Uyu tsitsi linathothoka. Uyu khungu likulendewera ngati chitenje chonyowa. Ati akundithandiza. Iye wowonda ngati bango, amadya chilichonse.

Ndaimbira nesi. Jenereta ilipo. Tsitsi limameranso. Imfa ingachitike, koma si kawirikawiri, ndipo shuga wangayu ndiye sadzandiphonya. Mantha onsewa ali ndi mayankho. Alipo ena amene sindinamuuze.

Lamulungu, 9 Juni

Ku Kasisi itatha Misa. Ba Josephine andidzazira mbale monga mwa nthawi zonse: mpunga, nkhuku, mbatata zokazinga, vitumbuwa pambali. Ndawauza za opaleshoni. Anaika chikombe pansi. "Ufuna kuyonda? Ufuna banthu bakambe zamene banakamba pa Eva?"

Dzina la amayi, chikhalire salitchula.

Amayi anamwalira atatha thupi, ine ndili giredi 3. Aliyense ankadziwa matenda awo, palibe ankawatchula. Ana a anzathu analetsedwa kumwera kapu imodzi ndi ine. Ndiye ba Josephine anayamba ntchito yawo. Majarini m'phala, mkaka wa ku Palabana, vitumbuwa m'chikwama cha kusukulu. Ndikati ndakhuta, mbama. Lamulungu ankandiyendetsa pakhomo pa tchalitchi, kunditsina masaya pamaso pa azimayi a m'kwaya, aone kuti mwana alibe kanthu. Kuchipatala anandiyeza, ndinalibedi kanthu. Koma pepala sungayende nalo pakhomo pa tchalitchi. Masaya ungayende nawo.

Ndasiya mbale yodzaza. Koyamba m'moyo wanga. Sanandiperekeze.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe basi, ndani awerenge.

Mpeni sindiwuopa. Ndikuopa galasi. Anthu amati pansi pa mafutawa pali nkhope ya Eva. Ine Eva amene ndimakumbuka ndi wa pamphasa, mafupa a m'khosi ali poyera, mphete ikuvuka yokha pachala. Ndikawonda ndizikumana naye m'mawa uliwonse potsuka mano. Ndipo pamsika wa Chongwe azidzagundana zigongono, ati nthenda ija yamugwira nayenso, magazi sanama.

Ndimawada ba Josephine chifukwa chondinenepetsa. Ndimawada kwambiri chifukwa mantha awo anandidyetsa nawo limodzi, ndipo amenewo dokotala sangadule.

Lachinayi, 20 Juni

Dzulo ndikuluka kasitomala, mzere wa tsitsi unangosanduka utsi. Ndinapukuta maso, utsi uli pomwepo. Ndinanama kuti mutu. Linda anamaliza.

Lero kuchipatala. Pabenchi ndinakhala ndi ba Chipego, aphunzitsi, anachitidwa opaleshoniyi chaka chatha. Nkhomaliro yawo m'kabakuli ngati ka mwana. Ndinawafunsa ngati anthu sananene. Anaseka. Ati kusukulu kwawo mpaka anawasonkhera ya maliro mwakachetechete, ena anasiya kuwagwira chanza. Ati zinawawa, ndipo zimawawabe. Kenaka anadzuka pabenchi osagwira khoma, n'kukwera masitepe akulankhula pa foni.

Ndinaganiza za azimayi a m'kwaya aja. Amene ananong'ona za amayi ndi omwewo amati ndafanana ndi ng'ombe ya mkaka. Ndikachita khungu adzati ndi kususuka. Pamaliro panga adzadya bwinobwino, n'kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Ndiwapatse maso anga amenewa?

Ndamuuza dokotala kuti inde. Pa 9 Julaye. Za wondisamalira ndati ndidzanena.

Lamulungu, 30 Juni

Ku Kasisi sindinapite. Ndili pa zamadzimadzi zokhazokha, ati chiwindi chichepe opaleshoni isanafike. Msuzi wopanda kanthu, yogati, madzi. Njala yake yofuna kuluma munthu.

Ba Josephine atumiza Linda ndi poto wa nkhuku, womanga pa nsalu. Mawu ayi, poto basi. Ndabweza osamasula. Linda wati kubweza chakudya cha amene anakulera ndi kumutukwana, wati amayi ake salinso kugona. Asagone. Ine ndinagona liti?

Ndamupempha Linda kuti adzandidikirire kuchipatala. Ati saluni isiyidwa ndi ndani. Chabwino. Ndakumva, Linda, ndipo ndasunga.

Lachisanu, 5 Julaye

Nesi waimba. Popanda wondisamalira asintha tsiku. Ndati alipo. Bodza.

Lolemba, 8 Julaye

Ndikulongedza, kugogoda pachitseko. Ba Josephine, chikwama kumutu, bulangeti m'khwapa, korona m'khosi. Moni wa pakamwa pokha. Alowa, ayang'ana fumbi pawindo, akhala pabedi panga.

Atulutsa kakapu kachitsulo kobiriwira, kobenthuka m'mphepete, ndi kasupuni. Ndinakadziwa asanalankhule. Ndimayesa anakataya kalekale pamodzi ndi mphasa ija.

"Kudyesa munthu pang'ono pang'ono nidziba. Eva ninamumwesa na aka mpaka siku yomaliza. Iye sanauke. Iwe uzauka."

Pepani sanamutchule. Sadzamutchula, ndikuwadziwa. Ndinafuna kuwauza zonse, za mbama, za masaya, za pakhomo pa tchalitchi. Ndinayang'ana manja awo atagwira kakapuko. Ndangofunsa ngati akudziwa kuti ndidzawonda, ndipo anthu adzanena. Ati adziwa. Ati za akwaya ndiwasiyire iwo, akawayankha okha.

Sindinawakhululukire. Ndilembe bwino pano kuti ndisadzanamizidwe ndi mankhwala ogonetsa: sindinawakhululukire. M'chikwama mwawo mukununkha vitumbuwa, ati ndi vyawo.

Kakapu ndakatsuka ndi sopo, ndakaika m'chikwama changa, osati chawo. Galasi la pakhoma ndimati ndilitembenuze ndisanachoke. Ndalisiya momwemo. Ndikabwera ndidzamuone Eva ali chilili, nsapato kuphazi, akupita kuntchito.

Akuitana panja, ati basi siidikira munthu, ati ndatenga juzi kodi, ngati ndine mwana wa giredi 3.