Motoka Yosamba pa Ukwati wa BaTisa

Bamalume,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Matero tili bwino, chifuwa cha bamayi chinasila.

Batate banagula motoka itali ija, yogwilapo kale nchito! Pa ukwati wa baTisa banafuna iwale, banasuka na injini yonse na ndowa. Titanyamula mkwatibwi, inayamba kunjenjemela, yazima pa msika. BaTisa banayamba kulila.

Bamakanika ba pa msika paja banaseka batate: "Mudala, mwasambika makoilo yamene yapeleka moto mu injini! Motoka izi sizifuna manzi apa." Ine wamanyazi ninathamanga ku saluni kubweleka dilaya youmikila tsitsi, tinaumika makoilo yaja. Motoka inalila kamodzi! Tinafika ku chalichi bam'busa bakalibe kuchoka.

Mutitumizileko makoilo yabili, bamakanika bati yabili mwa yaja tinaumika siyazakhalitsa. Mulungu akusungeni. Mukabwela tizakutengani na yamene iyi, koma yosasamba.

Ine mwana wanu,
Tiyamike